Chinjinga Chimene Bangula Yonse Inkadikira

Prudence anakumana ndi Dennis pa siteji ya minibasi ku Bangula, akuchokera ku saluni kumene ankaluka tsitsi. Dzuwa la tsikulo linali lopanda chisoni.

"Asisi, musapse chonchi. Kwerani ndikakutuleni," anatero Dennis, wakabaza wa mano oyera ndi pakamwa potsekemera.

"Pa kachiphapha kameneka?"

"Aka n'kongodikirira. Yanga yeniyeni ikubwera. Taonani!"

Pafoni pake panali chithunzi cha chinjinga chamoto chachitali, cha matayala a mano ndi mabokosi achitsulo m'mbali. Prudence anaseka, koma anakwera.

Masiku amenewo akabaza a pa Bangula sankakamba china. Ena ankati ukathira mafuta ku Nsanje umakafika ku Lilongwe osaima. Ena ankati chimadutsa m'matope ofika m'mawondo. Palibe anali atachiona, koma aliyense ankachidziwa kuposa mnzake! Mphekesera yaikulu inali yoti azungu a kampani yopanga njingazo adzabwera kudzaziyesa m'misewu ya kuchigwa kuno, ndipo adzasiyira imodzi wakabaza amene adzawatsogolere.

"Wakabazayo ndine," ankatero Dennis, akudzigunda pachifuwa.

Mauthenga ake ndiwo anamumaliza Prudence. "Pru wanga, shuga yense wa ku Nchalo safika pa iwe." Tsiku lina: "Chikangofika, woyamba kukhala kumbuyo kwanga ndiwe. Tidzalowa m'Makhanga fumbi lili koboo, amalume ako adzadziwe kuti mkamwini wabwera!"

Mtsikana angatani ndi mawu otere? Anamukonda ndi mtima wonse.

Koma chinjinga chija chinkangosuntha mwezi. Juni anapita, Ogasiti anapita. Pofika Disembala, Prudence anali ndi pathupi pa miyezi itatu, ndipo tulo tinamuthawa.

Amalume ake a Sebastiano, amene anamulera kuyambira ali wamng'ono, sanazungulire pafoni.

"Mwamunayo ndimuone madzi asanatseke njira. Shire akadzaza ndiye mpaka Epulo, ndipo mimba siidikira Epulo. Wamva?"

Prudence atamuuza Dennis, iye anabwera ndi chitenje chabuluu cha mbalame zachikasu, atasoketsa kale malaya ake pa nsalu yomweyo.

"Usalire, duwa langa. Pa gulu lathu la pafoni akuti njingazo zafika ku Blantyre, Loweruka zili pano. Auze amalume awoloke, ndikawapeza pa doko. Udzavale ichi tifanane."

"Dennis, bwanji osangopita ndi yomwe uli nayoyi?"

"Nkhabe, ayi! Ndikaonekere kwanu ngati wovutika?"

Loweruka kunacha ndi mitambo yakuda kumtunda. A Sebastiano anawoloka m'mamawa nakhala pa doko la Mtayamoyo. Opalasa anawachenjeza kuti madzi akukwera, bwato lomaliza linyamuka 2 koloko.

Prudence anathamangira ku siteji atavala chitenje chija. Anthu anali atadzaza ngati tsiku la msika. Dennis anali kutsogolo m'malaya ake atsopano, maso ali kumsewu wa ku Nchalo.

"Amalume afika kale. Tiye ukangowapatsa moni!"

"Dikira pang'ono, Pru. Ndikachoka pano mwayi atenga wina."

11 koloko inakwana. 12 inadutsa. Foni ya Prudence inalira kanayi, ndipo kanayi konse anachita mantha kuyankha. Akawauza chiyani amalume?

Itangokwana 1 koloko kunamveka mkokomo. "Zafika! Zafika!" Njinga zitatu zazikulu zinaima pafupi ndi ogulitsa nthochi, zili mbuu ndi fumbi. Dennis anakankha anthu n'kuyamba kuthyola Chingerezi.

Mzungu wa ndevu anavula chipewa, namvetsera modabwa, kenako anaseka. Iwo sankadziwa za kampani iliyonse. Anali alendo ongoyenda, opita ku Mozambique, ndipo njinga zawozo zinali za zaka zisanu. Anagula nthochi ndi madzi, anafunsa njira ya kumalire ku Marka, n'kunyamuka.

Akabaza anayamba kusekana okhaokha. Dennis anatsala yekha pakati pa msewu.

Prudence anamumvera chisoni. Njinga n'chiyani? Iye ankafuna munthuyo basi. Nthawi inalipobe, akanafikabe pa doko. Anayamba kudutsa pakati pa anthu kuti akamugwire dzanja.

"Bambo a Thandizo!"

Mawuwo anachokera kwa mayi wina amene ankatsika minibasi, mwana ali kumbuyo, maso ali pa Dennis. M'chiuno anali atamanga chitenje chabuluu cha mbalame zachikasu.

"Nchalo yonse ikukamba kuti amuna anga alandira chinjinga lero, ine osandiuza? Suja munati woyamba kukwera ndine?"

Kenako mayiyo anamuona Prudence. Anamuyang'ana kuyambira kumapazi mpaka pamimba.

"Achemwali, nsalu mwavalayi mwaitenga kuti? Ine anandiuza kuti chidutswa chinacho chinapsa ndi simbi."

Anthu atatu atavala nsalu imodzi, pamaso pa Bangula yonse!

"Dennis, ndi ndani ameneyu?" anafunsa Prudence.

"Pru, ndikufotokozera. Ella, taima kaye..."

"Ndine mkazi wake wa ukwati wa ku tchalitchi," anayankha Ella. "Chaka chachinayi chino."

Prudence sanakuwe, sanatukwane. Anatembenuka n'kuyamba kuyenda, Dennis osamutsatira ngakhale phazi limodzi.

Pa doko madzi anali atameza kale pamene anthu ankaima m'mawa. A Sebastiano atamuona Prudence anadzuka msanga, nakonza jekete yawo ya ku tchalitchi imene anapirira nayo kutentha tsiku lonse. Anasuzumira kumbuyo kwake, kumsewu, akumwetulira.

"Mkamwini ali kuti?"

"Sabwera, amalume. Ali ndi banja."

Apa ndi pamene misozi ya Prudence inatsika. Wopalasa anakuwa kuti wotsala atsala. A Sebastiano anavula jekete ija pang'onopang'ono n'kuiyala pa thabwa lonyowa la m'bwato.

"Khala apa, mwananga. Mwanayo akabadwira kwathu, ndipo dzina ndidzam'patsa ndine."