Ndondocha ya mu Laputopu

Chinayamba ndi batire. Fiona ankagona laputopu yake itadzaza moto, koma m'mawa ankaipeza yofunda ngati dzira lomwe nkhuku yangochokapo, moto utatsala wa kadontho. Kanali kamakina kakang'ono, kakalekale, ndipo mmenemo ndi mmene ankasungamo zithunzi za zojambula za m'mapanga a ku Mphunzi, poti ntchito yake inali yoperekeza alendo kumapiriko. Ankatchaja ndi sola imodzi ya padenga, ndipo m'mwezi wa Juni, chifunga chikakuta phiri, dzuwa limachita kupemphedwa.

Usiku wachiwiri anamva yekha. Kunja kunali zii, ngakhale agalu chisanu chitawatseka pakamwa, pamene patebulo panayamba kulira kokupizira mphepo ka m'kati mwa makinawo, pang'onopang'ono, ngati munthu wopuma ndi mphuno yotsekeka. M'mbali mwa chivundikiro chotseka munkatuluka kuwala kopyapyala. Kenako mawu a mwamuna, achingerezi, ouma, opanda mpweya, ananena mawu atatu n'kusiya. Fiona anafunda bulangete kumutu mpaka tambala woyamba.

Pabwalo lomwelo panali nyumba ya mkulu wake, Monika, ndi mwamuna wake Timoteyo, mkamwini waukali wolima kachewere. Mwana wawo Victoria, wa zaka zisanu ndi chimodzi, anali atadwala sabata yomweyo. Matendawo anayamba ngati kutentha thupi chabe, kenako mwana anangosiya kulankhula. Kuchipatala anapita, mankhwala analandira, koma anabwerako ali chete, maso ali tong'o kudenga. Fiona ankamukonda mwanayu koposa, ndipo ndiye ankamumwetsa phala ndi supuni.

Kutacha anatenga laputopu n'kukwera pachulu cha kuseri kwa khola, pokhapo pomwe foni imagwira bwino, naimbira Harun, mnzake wa kusekondale amene amakonza mafoni pa Chimbiya. Manja anali pa makina, choncho foni anaiika pokweza mawu. Sanaone kuti Monika wawerama kuseri kwa chulucho, akuthyola mpiru.

"Usaope iwe," anatero Harun akuseka. "Ndi timapulogalamu togwira ntchito kuseri, iwe usakuona. Dzina lake la Chingerezi limamveka ngati madimoni, ndiye ife kuno timangoti ziwanda. Kamakina kakoko n'kakang'ono, sikangadyetse ziwanda zonsezo. Tsegula mndandanda tisankhe zotsala."

Anayamba kusankha. Chodikira pulinta, Harun anafunsa ngati Fiona ali ndi pulinta, iye nati aitenge kuti.

"Chiphe."

Cha bulutufu anachisiya, poti ndi chomwe chimalandira zithunzi za mufoni. Chosunga nthawi anachisiyanso. Chowerengera mokweza anthu osaona, chomwe chinalankhula usiku uja, anachizimitsa ndi mtima wonse. Koma chosanja zithunzi, chimene chinkadzutsa makina anthu atagona, Fiona anachikakamira, ati popanda icho chithunzi chimodzi amachifuna ola lathunthu.

"Nanga aka?" anafunsa. "Kalembedwa kuti kanafa, koma sikakuchoka pamndandanda."

"Ha, imeneyo ndi ndondocha! Siifa imeneyo, inafa kale. Ukafuna ichoke, uphe kholo lake, lomwe linaiyambitsa."

Mayunitsi anathera pomwepo. Pakamwa pa Harun ndiye ayi ndithu. Munthu wa pamsewu, wozolowera kucheza ndi makondakitala, sadziwa kuti mawu oseketsa pa Chimbiya kumudzi amasanduka nkhwangwa. Ndondocha, kwa Monika, sinali nthabwala. Inali munthu wotengedwa m'matsenga, wodulidwa lilime, wogwirira ntchito mwini wake mumdima. Ndipo iye anali ndi mwana wosalankhula m'nyumba. Mpiru unagwa m'manja mwake, ndipo Monika anachoka chokwawa.

Pofika madzulo nkhani inali itazungulira pamjigo, n'kukafika mpaka kwa oimba kwaya. Ena ankati Fiona ziwandazo anazitola kuphanga, azungu atamusonyeza chojambula choti agwire. Ena ankati ali nazo khumi ndi ziwiri, ndipo zina wazipha chifukwa chakudya chachepa. Amene anaonapo kuwala pazenera lake anachuluka mwadzidzidzi, ngakhale okhala kutsidya kwa dambo. Fiona atapita ndi phala la Victoria, Monika anaima pakhomo n'kutambasula manja.

"Achemwali, kwagwanji?"

"Kholo lake ndi ndani, Fiona?" anafunsa Monika monong'ona. "Ine kapena bambo ake?"

Fiona anayamba kuseka, kuseka kwa munthu woti wamvetsa, ndipo kuseka kumeneko kunamuipitsira zonse. Chitseko chinatsekedwa mwamphamvu.

Usiku umenewo miyala inagwa padenga lake, osati ya ana, koma zimiyala za manja awiri zimene zinkapinda malata. Pakati pa phokosolo laputopu inadzuka pa nthawi yake, kuwala kukutuluka m'mbali, ndipo kunja wina anakuwa kuti, "Icho! Chayaka!" M'mawa anapeza mbuzi yake itagonekedwa pakhomo, khosi lodulidwa mpaka pafupa, magazi atapakidwa pachitseko ndi chikhatho. Anayesa kufotokozera aliyense wodutsa, koma anthu ankapatuka njira. Anaganiza zothawira ku Mayani, koma kumusiya Victoria ali choncho mtima unakana.

Anthu anabwera m'bandakucha wa tsiku lotsatira, chifunga chili mbuu. Chitseko chinathyoka ndi phazi limodzi. Anamukoka ndi tsitsi mpaka pabwalo, mawondo akukhulika pamiyala, ndipo mpini wa khasu unamupeza pakamwa asananene kanthu. Analavula dzino pamodzi ndi magazi. Wina anamuponda dzanja lamanzere mpaka chala chinalira kuti thyo. Ankawadziwa onse, mmodzimmodzi, ena anakhala nawo pabenchi imodzi ya katekisimu. Vinsenti, msuweni wa Timoteyo, anali ndi kachigubu ka petulo, ndipo fungo lake linamveka kuposa la utsi wa m'makhitchini.

Munthu wina anatulutsa laputopu n'kukweza mwala kuti aiphwanye, koma Timoteyo anamugwira mkono.

"Mukaiswa, mwana wanga afera momwemo." Anaiika pansi, pamaso pa Fiona, chikwanje chili m'dzanja. "Tsegulani, alamu. Mumasuleni."

"Alamu, mulibe munthu umu. Ndi mawu chabe, ndi dzina la..."

Chikwanje chinamumenya chafulati pamsana, mpweya n'kumuthera.

"Tsegulani!"

Apa Fiona anaona poyera pomwe waima. Akapitiriza kukana, petulo uja amuthira. Koma akazimitsa zonse iwo akuona, ndipo osachitika kanthu, mwina maso awo atseguka, aone kuti amenya mwana wa mnzawo chifukwa cha kabokosi ka pulasitiki. Anatsegula chivundikiro ndi dzanja lotsalalo. Anthu anabwerera m'mbuyo, amayi ena akudzilemba chizindikiro cha mtanda.

Mndandanda unatuluka, timizere toyera pa mdima. Magazi a pakamwa ankadonthera pamabatani. Anazimitsa cha bulutufu. Anazimitsa chosunga nthawi. Chosanja zithunzi chija, chomwe anachikakamira, anachizimitsa osaganiza kawiri. Ankatchula chilichonse mokweza kuti amve kuti ndi zinthu wamba, koma dzina lililonse likatuluka khamu linkang'ung'udza ngati akumva maina a akufa.

"Kwatsala ndondocha," anatero Monika ali kumbuyo kwa anthu, mawu atasasa ndi kulira. "Anati imachoka ukapha kholo."

Timoteyo anayang'ana mkazi wake, nayang'ana nyumba yomwe munagona mwana. Ukali wake unali wa mantha, ndipo anali wokonzeka kufa. Anapereka chikwanje kwa Vinsenti.

"Ndikagwa ine, kapena mayi a mwana, ameneyu musamusiye." Kenako anagwada pafupi ndi Fiona. "Dinani, alamu."

Vinsenti anagunditsa chikwanje choziziracho pakhosi pa Fiona. Fiona anapeza kamzere ka kholo, anaphonya batani kawiri, ndipo kachitatu anadina. Mizere iwiri inazimirira pamodzi. Kokupizira mphepo kaja kanalira pang'ono n'kuima.

Panali zii. Timoteyo anali chigwadire, akupuma. Monika anali chiimire. Kutali tambala analira, ndipo chifunga chinayamba kuyera. Munthu wina anatsokomola mwamanyazi, wina n'kuponya pansi mwala womwe anagwira. Fiona anamva chikwanje chikulekerera pakhosi, ndipo misozi ya mpumulo inatsika yokha.

"Mwaona?" anatero ndi pakamwa potupa. "Palibe chomwe chachitika. Munalibe kanthu umu."

Ndiye chitseko cha kwa Monika chinalira.

Victoria anaima pakhomo, atavala kadiresi kogonera, milomo yosweka ndi kutentha thupi. Mwana woti masiku asanu sanadzuke pamphasa anatsika khonde yekha. Monika anakuwa n'kuthamanga, koma mwanayo sanayang'ane mayi ake. Anadutsa pakati pa anthu, amene ankamupatukira, nafika pomwe panagwada Fiona.

Mtima wa Fiona unadumpha ndi chimwemwe, ndipo chimwemwecho chisanathe anazindikira tanthauzo lake. Nkhope zonse zinali zitatembenukira kwa iye. Manyazi aja anali atachoka. Kumbuyo kwake anamva chotsekera cha chigubu chikupotokoledwa pang'onopang'ono.

Mwanayo anamugwira tsaya ndi kadzanja kozizira, nalankhula momveka bwino, aliyense pabwalopo akumva.

"Amayi aang'ono, mwachedwa kunditsegulira. Munali mdima mmenemo."