Mlaliki Wopanda Fuko

Lavina Etsitty anakumana ndi Orrin pakhomo la tchalitchi cha mishoni, m'munsi mwa mapiri a Lukachukai, kwathu kwa Anavajo ku America, tsiku lomwe mphepo inkathira mchenga m'maso mwa aliyense. Lavina ndiye ankamasulira maulaliki pampingopo. Orrin anali mlaliki watsopano wochokera kutali ku Michigan, nkhope yathu yeniyeni ya Chinavajo, koma pakamwa Chingerezi chokhachokha.

Lavina anamugwira dzanja mofewa, n'kudzitchula monga timachitira.

"Ndine wa fuko la Madzi Owawa, bambo anga ndi a Nyumba Yaitali. Nanga inu abusa?"

"Sindikudziwa," anayankha mnyamatayo mwamanyazi. "Azungu a mishoni ananditenga ndili khanda."

"Koma abale! Ndiye ndizikusekani bwanji? Mwinatu ndinu malume anga!"

Anaseka onse awiri. Koma kwathu kuno nkhaniyi si yoseketsa ayi. Munthu amatenga fuko la amayi ake, ndipo wa fuko lako ndi mlongo wako, ngakhale atakulira kutsidya kwa nyanja. Ukakwatirana naye, akulu amati mutu umasokonekera, mapeto ake umadziponya pamoto ngati gulugufe wa usiku. Lavina anali wobatizidwa, woimba kwaya, koma moto umenewu ankauopa.

Nanga mtima umamva zimenezo? Lamlungu lililonse ankaima limodzi kuguwa, wina akulankhula, wina akumasulira. Mkati mwa sabata ankayenda pa pikapu ya mishoni, kukasiyira okalamba madzi ndi nkhuni. Posakhalitsa foni ya Lavina inayamba kulira pafupipafupi ndi mauthenga a Orrin.

"Mvula yanga, wadzuka bwanji? Dziko louma lino ndikulikonda chifukwa cha iwe."

Lavina anayankha. "Usanditchule choncho. Kapeze kaye fuko lako. Ndikuopa, Orrin."

"Ndikalipeza. Ndikulonjeza pamaso pa Mulungu."

Nyengo yozizira itafika, Orrin ananyamuka kukafufuza cha ku Shonto, komwe amishoni anamutenga. Anabwerako atawonda, maso ali psuu. Anamupeza Lavina akusesa m'tchalitchi, ndipo anagwada pomwepo.

"Ndine wa Mchere," anatero. "Wamva, mvula yanga? Wa Mchere! Undilole ndikukwatire."

Anamuveka chibangili chakale chasiliva, cha mwala wobiriwira wong'aluka pakati. Lavina analira ndi chimwemwe, ndipo kwa nthawi yoyamba analola kuti amupsompsone.

Koma amayi ake a Lavina sanasiye n'komwe kupota ubweya wawo wa nkhosa atamva nkhaniyo.

"Wa Mchere wa kuti? Amake ndani? Nkhosa zawo zimamwera kuti?"

"Akuti amayi ake anamwalira, amayi."

"Ndiye wamuuza fukolo ndani? Mphepo?"

"Amayi, munthuyu ndi mlaliki! Anganame?"

"Mlaliki alibe pakamwa kodi? Iwe mwana, ine sindikufuna kudzakuphula pamoto."

Mawuwo anamukhala Lavina pamtima. Akamufunsa Orrin za ku Shonto, mnyamatayo ankayamba kukamba za nyimbo za pa ukwati. Akamuyang'anitsitsa akuseka, ankaona ngati kasekedweko akukadziwa. Kodi si mmene amasekera malume ake? Kapena ndi mantha chabe? Anayamba kukhala kutali ndi mbaula. Tsiku lina akukazinga mikate anachita chizungulire, mafuta n'kumuthothokera padzanja, ndipo anakuwa ngati walumidwa ndi njoka.

"Ndiuze zoona, Orrin," anamulembera. "Palibe chomwe ukundibisira?"

"Palibe, wapamtima wanga. Mwa Khristu mulibe mantha."

Ukwati anaukonza kuti udzachitike ukangotha msonkhano waukulu wa chitsitsimutso. Chilimwe chitafika, tenti yaikulu inadzutsidwa kuseri kwa tchalitchi, ndipo anthu anabwera pa mapikapu kuchokera kutali. Masana a tsiku lomaliza Orrin analalikira za mwana wolowerera, Lavina akumasulira, azimayi n'kumapukuta misozi.

Anthu atayamba kupita kukadya, mayi wina wachikulire, wovala siketi yaitali ndi mpango wofiira, anamuyandikira Lavina. Chingerezi sankachidziwa.

"Umamasulira bwino, mtsikana iwe. Ine ndine Rosita Nez wa ku Shonto, wa Madzi Owawa."

"Nanenso ndine wa Madzi Owawa!" anatero Lavina. "Ndiye kuti ndinu amayi anga aang'ono."

"Mwana wanga!" Mayiwo anamukumbatira. Kenako analoza kuguwa ndi milomo. "Ndiye uyo ndi mlongo wako. Ndinamubereka ndine. Azungu anamutenga ine ndili m'chipatala ndi chifuwa chachikulu. Chaka chino anandipeza yekha, mdzukulu wanga n'kutimasulira. Akuti akufuna kukwatira. Ukumudziwa mtsikanayo? Ndi wa fuko lanji?"

Lavina anayesa kubwerera m'mbuyo. Mayiwo anali atamugwirabe dzanja. Maso awo anatsikira pa chibangili chija, ndipo chala chawo chinakhudza mng'alu wa mwalawo.

"Ichi n'changa," ananong'ona. "Ndinamupatsa kuti akaveke mkazi wake."

Anamutaya dzanja ngati agwira khala la moto.

Orrin anafika akuthamanga, nkhope itatuwa. "Lavina, akuti chiyani? Usamvere! Tiye panja tikakambirane."

"Ayi abusa," anatero Lavina. "Ine ntchito yanga ndi kumasulira. Imani pomwepo."

Mayiwo analankhula misozi ikutsika, ndipo Lavina anatembenuza mawu aliwonse, osasiyako ngakhale amodzi.

"Akuti, mwana wanga, ndinakuuza kuti ndiwe wa Madzi Owawa. Akuti, ndinakuuza kawiri kuti usaiwale. Akuti, unatenga chibangili changa kuti ukaveke mlongo wako?"

"Mvula yanga, ndimvere!" Orrin analira. "Magazi athu si amodzi! Agogo ako ndi agogo anga sanaonanepo. Baibulo silikutiletsa. Moyo wanga wonse ndinalibe wanga aliyense, ndiye tsiku lomwe ndinapeza amayi anga ndi lomwenso ndinayenera kukutaya iwe? Ndinachita mantha!"

"Unachita mantha? Nanga ine?" Lavina anamuonetsa chipsera cha mafuta chija. "Miyezi yonseyi ndakhala ndikuthawa mbaula m'nyumba mwathu momwe. Ndinkadziona ngati wamisala, iwe ukudziwa. Unandipsompsona ukudziwa!"

"Moto umenewo ndi nthano chabe, Lavina. Tithawire ku Michigan. Kumeneko palibe amene adzatifunse."

Ndinene zoona, ine mnyamatayo ndinamumvera chisoni. Za fuko palibe amene anamuphunzitsa ali mwana. Koma bodza analidziwa bwinobwino, ndipo analisankha yekha.

Kuseri kwa tenti azimayi anali atasonkha moto waukulu wophikira nyama ya nkhosa. Mphepo inakupiza nsalu ya tentiyo, malawi n'kuonekera. Lavina anawayang'ana. Kodi misala ija imayamba chonchi? Anagwiritsa mtengo wa tenti ndi manja onse awiri mpaka chizungulire chinatha.

"Kaya ndi nthano, kaya si nthano," anatero pang'onopang'ono, "unandiuza kuti amayi ako anamwalira. Si awa aima apawa? Abwera ulendo wonsewu kudzakumva ukulalikira."

Orrin anaweramitsa mutu.

"Akuti chiyani?" anafunsa Mayi Nez, akukoka malaya a Lavina. "Mwana wanga akuti chiyani?"

Lavina anawayang'ana. Mawu akuti "anamwalira" sanawamasulire.

"Akuti ali ndi njala, amayi. Mutengeni mukadye naye."

Anavula chibangili chija n'kuwaveka eni ake. Kenako anatembenukira kwa Orrin, yemwe anali atatambasula manja onse awiri kuti amukumbatire. Lavina anagwira dzanja limodzi lokha, mofewa, monga anachitira tsiku la mchenga lija pakhomo la tchalitchi.

"Fuko lanu mwalipeza," anatero misozi ikuyenderera. "Takulandirani kwanu, achimwene."