Kadzina Kofufuluka Pansi pa Mlatho wa Sitima

Efraín anatuluka m'galaja ya amalume ake nthawi itadutsa kale pakati pa usiku. Kumanja ananyamula ndowa ya penti yoyera, kumsana chikwama chodzaza zitini za penti yopopera. Akanatha kunyamuka dzuwa likadalipo, koma tsiku lonse anangokhala pa thayala n'kumatembenuza masamba a kope lake lojambulamo. Koleji anaisiyanso chomwecho: kukhala, kuyang'ana mapepala, mpaka kunja kuda.

Mawa lake chinkakwana chaka chimwalirireni mkulu wake Tavo. Tavo yemweyo amene apolisi a ku Bronx anatopa kumuthamangitsa m'makola a sitima mmene ankalemba dzina lake ndi penti, amene ankalumpha mipanda agalu ali m'mbuyo, anadzafa ndi mphumu ali pabedi, masokosi ali kumapazi. Mayi Hortensia a pagolosale anapereka khoma la kumbali kwa sitolo yawo, pansi pa mlatho wa sitima, kuti palembedwe dzina lake. Amayi ake a Efraín anali atanena kuti akatuluka ku Misa ya m'mawa adzafika kudzaliona. Koma khomalo linali lisanakhudzidwe n'komwe.

Msewu unali zii. Atayandikira mlatho anamva kachitsulo ka m'chitini cha penti kakulira. Kwa-kwa-kwa. Anaganiza kuti ndi zitini zake, ndipo anaima.

Kwa-kwa-kwa!

Sizinali zake. Zinkachokera m'mbuyo... pafupi. Anawonjezera liwiro. Ndowa inkamumenya bondo. Anafika pakhoma, n'kucheuka.

"Aise, penti yonseyi ukukapaka tchalitchi?"

Anali mnyamata wa msinkhu wake, wamfupi, woseka. Tsitsi lake linali lalikulu lozungulira, buluku lotambasuka kumapazi ngati la m'zithunzi zakale za amalume, zala zothimbirira ndi inki yapepo. Efraín anapuma. Munthu wa zala zotere ndi wolemba pamakoma mnzake basi.

"Ndikulembera mkulu wanga. Anamwalira."

"Pepa. Taonetsa."

Efraín anatsegula kope pansi pa nyali ya mumsewu. Zilembo zinali zolukanalukana, china kulowa m'mimba mwa chinzake, mivi ikutulukira mbali zonse. Anazivutikira miyezi itatu. Mlendo uja anapendeka mutu uku, n'kupendekanso uko, kenako anaseka mpaka kugwira mawondo.

"Ndi dzina limeneli, kapena mphaka wagwera m'mawaya?"

"Ndi mmene tikulembera masiku ano."

"Ife tinkangolemba dzina ndi nambala ya msewu wakwanu. Munthu awerenge, adziwe kuti kwinakwake kuli iwe."

"Zimenezo ndi za makedzana," anatero Efraín. "Zitatha izo kunabwera zilembo zotupa ngati mabanzi. Kenako anthu ankapaka bogi yonse ya sitima, mazenera omwe. Ndiye kunadzabwera izi za mivi, zoti aziwerenga okhawo odziwa."

"Amayi ako ndi odziwa?"

Miyezi itatu yonseyo funso limeneli silinamufikepo Efraín.

Pamwamba panadutsa sitima, yoyera mbee. Mlendo anaiyang'ana mpaka inazimiririka.

"Bwanji zikuyenda maliseche?"

"Anazitsuka zonse, papita zaka ziwiri. Ukalembapo lero, mawa siituluka m'khola. Unali kuti iwe, kundende?"

"Ndimakhala pompano."

Efraín anaviika chopakira m'ndowa n'kuyamba kuyeretsa khoma. Anakwirira mwano wina wakale, mtima wa anthu awiri amene mwina anasiyana kalekale, ndi nkhope ya galu. Mlendo ankayenda pambali pake n'kumamulangiza zosapempha. Pakona ya pansi, kufupi ndi paipi ya madzi a mvula, panali kadzina kofufuluka, kolembedwa ndi inki: PULGA 156. Zilembo zoonda, zopendama ngati za mwana wa sitandade wani. Efraín anakweza chopakira.

"Apo usapake."

"Ukudziwa lamulo. Chachikulu chimakwirira chaching'ono."

"Inde, ngati mwini wake angathe kudzalemba china."

"Ndiye uyu sangathe?"

"Kanatsala kokhaka, mphwanga. Ena onse anapita ndi sitima."

Mawuwo sanatuluke moseka. Penti inkadontha pa nsapato ya Efraín. Lamulo linalo ankalidziwa bwino, anamuphunzitsa ndi Tavo: dzina la womwalira silikwiriridwa, ngakhale litanyansa chotani. Anaganiza za tsiku limene mnyamata wina adzafike pakhoma lomweli ndi ndowa yake, n'kuona dzina la Tavo litafufuluka. Anatsitsa dzanja. Anapaka mozungulira, n'kusiya kadzinako m'kabwalo kake ka njerwa.

"Eya!" Mlendo anaomba m'manja. Manjawo sanamveke.

Efraín anaona. Anadziuza kuti ndi phokoso la mzinda.

"Tsopano taona," anatero mlendo, akusolola cholembera chachikulu m'thumba. "T wamtali, aime ngati munthu. A atambasule miyendo. V, kenako O."

Anayendetsa cholembera pa penti yaiwisi. Sipanatsale kanthu. Ngakhale kamzere.

Efraín anali asanatchule dzina la mkulu wake. Ndipo m'kope mlendoyu analephera kuliwerenga...

"Walidziwa bwanji?"

"Mkulu wako akuti m'kati mwa O usaiwale maso awiri ndi pakamwa poseka. Akutinso jekete wavalalo ndi lake, sanakupatse."

Sitima ina inagunda pamwamba. Nyali inaphethira. Kamodzi... kawiri...

Panalibe munthu!

Kwa-kwa-kwa, kutali, kumapita.

Efraín anakhala pa ndowa. Kenako anamva chinthu chachilendo chikutuluka m'chifuwa mwake. Kunali kuseka. Za jeketezo! Chaka chathunthu ali m'manda, Tavo anali asanasiyebe kulondalonda zovala zake. Anaseka mpaka misozi, ndipo misoziyo anaisiya ituluke.

Penti yoyera itauma anatseka kope n'kugwedeza chitini chofiira. T wamtali. A wotambasula miyendo. Mivi anaikamo iwiri yokha, kuti anzake asamunene.

Amayi ake anafika m'mawa ali ndi korona m'manja. Anaima patali, n'kuwerenga mokweza osaphonya: "Tavo." Ataona O akuseka, anatseka pakamwa ndi mpango.

"Ndi mmene ankalembera pa chitseko cha kubafa, chitsiru chija," anatero, uku akupukuta maso.

Mayi Hortensia anatuluka ndi khofi wamkaka m'makapu a pepala. Sanayang'ane zilembo zazikuluzo. Maso awo anathamangira pakona ya pansi, ndipo khofi anatayikira pa zala zawo.

"Kadzinako wakasiya?"

"Eya, mayi. Kodi mukumudziwa?"

"Ndinkafuna kukuuza, mwanawe. Koma munthu ungapatse mayi wolira khoma, n'kumati pano ayi, apa ayi? Ndinangotsanzikana nako dzulo potseka." Anapatsira amayi ake a Efraín makapu aja, n'kulowa m'golosale. Anatuluka ndi chithunzi chimene chinkakhala kuseri kwa makandulo ogulitsa.

Tsitsi lozungulira. Buluku lotambasuka. Kuseka komwe kuja.

"Mlongo wanga Anselmo. Anzake ankamuti Pulga, kutanthauza nthata, chifukwa chofupika ndi kulumphalumpha. Ankafuna kulemba dzina lake pamwamba apo, poti lizioneka kuchokera pa zenera la mayi athu." Analoza zitsulo za mlatho. "Anaterereka. Chinali chaka cha 1973, iwe uli m'matewera."

Efraín anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali.

"Ankalongolola kwambiri?"

"Ngati wailesi! Wadziwa bwanji?"

Efraín anatola chitini chachikasu, nagwada pakona paja. Pamwamba pa zilembo zoonda zija, osazikhudza, anajambula kachisoti kachifumu ka nsonga zitatu, kamene amapatsidwa okhawo amene dzina lawo lakhalitsa. Atatsegula kope kuti apukutire chala, pa tsamba la mivi lija anapezapo chidindo cha chala chachikulu, cha inki yapepo. Chinali chisanaume.