Tsamba Limene Bambo Courtial Anadula

Nkhaniyi ikukhudza Bambo Anselme Courtial, kalaliki wa njanji wopuma ntchito. Mayi Odile Perrichon, oyang'anira nyumba yosanja imene bamboyo ankakhala ku Paris. Ndi Bambo Firmin Delorme, wapampando wa bungwe la osunga mabuku akale.

Bambo Courtial anali munthu wadongosolo. Ankasonkhanitsa mabuku oyamba kusindikizidwa a alembi aja olemba maloto ngati zoona, a zithunzi za nsomba zovala nsapato. Sankawawerenga. Mabuku otere amachoka kosindikiza masamba ali ogwirana m'mphepete, ndipo osunga amalemekeza lokhalo limene silinadulidwe. Lapamtima pawo linali la 1931, limene anasindikiza makumi atatu okha. Analisunga zaka makumi anayi. Tsiku lina abungwe anawauza kuti adzabwera kudzaliona m'mawa mwake.

Madzulo amenewo anamwa supu ya anyezi, natsuka mbale, nakhala pansi. Miyendo inkaphwanya. Kenaka wina anagogoda. Katatu, mofooka.

Pakhomo panaima mayi wokalamba wa chikhoti chotuwa. Ankanunkha inki.

"Pepani bambo, masitepe anuwa ndi ambiri. Ine ndimakhala m'buku lanu lija, pakati pa tsamba 40 ndi 41."

"Mwasokera, mayi. Oledzera amakhala pansipa, khomo lachiwiri."

"Wojambula anandikhazika pampando, n'kundiuza kuti ndisagwedezeke mpaka munthu atandiona. Papita zaka zoposa makumi asanu. Msana wanga watha."

"Buku limenelo silidulidwa."

"Nanga munaliguliranji, bambo inu? Ngakhale wandende amamusuzumirako."

Bambo Courtial anatseka chitseko, nakhoma. Potembenuka anapeza mayi uja atakhala pampando wawo, manja pamaondo, osaphethira.  Bambo Courtial anatchula apolisi. Anayesa pemphero. Anazimitsa nyale, nagona choyang'ana kukhoma. Mumdimamo ankangomva kupuma kwake. Sikunali koopseza ayi. Kunali kupuma kwa munthu wotopa, ndipo ankakudziwa bwino, chifukwa nawonso ankapuma choncho.

Kutacha, Mayi Perrichon akukolopa anawapeza atakhala pamasitepe ndi zovala zogonera, buku pamiyendo, mpeni wopakira batala m'manja. Tsamba limodzi linali lodulidwa mokhotakhota. Pachithunzi panali mpando wokha, wopanda munthu.

Bambo Delorme anafika ndi anzawo awiri, navala magalasi.

"A Courtial, inu amene munkatikalipira tikagwira buku osasamba m'manja? Ndi mpeni wa batala?"

"Anatopa, Firmin."

"Ndani?"

Bambo Courtial anawafotokozera zonse mwandondomeko, osawonjezera kanthu. Njira yodziwira zoona inali imodzi: kuona chithunzicho m'buku lina mwa makumi atatu aja. Koma onse amene anatsala anali osadula, ndipo panalibe mwini wolola kudula lake. Bambo Delorme anali nalo limodzi kunyumba. Anatsokomola, nasintha nkhani.

Chigamulo chinali chakuti bukulo lichotsedwe pamndandanda wa bungwe, Bambo Courtial atule pansi udindo umene anali nawo m'bungwemo, ndipo za mayi uja zisalembedwe paliponse. Mayi Perrichon anakana kuvomereza kuti nkhaniyo ithere pomwepo. Ankauza a m'nyumbamo chonong'ona kuti mbandakucha anamva munthu akutsika masitepe mopepuka, ndiponso kuti Bambo Delorme masiku ano sayankha wogogoda dzuwa likalowa.

Koma Bambo Courtial anavomera chigamulocho m'mawa womwewo. Anasaina mwaukhondo, napempha alendowo kuti azipita, pakuti ankafuna kugona.