Masamba Panjira ya ku Roccavena

Basi ya gulu inamusiya Magdalene pamwamba pa phiri, ndipo sanadandaule. Anzake a ku parishi ya ku Indianapolis anali atatsikira kale ku hotela, zikwama zitadzaza makolona ndi zithunzi. Iye anatsalira pabwalo la tauni yakale ya Roccavena ku Italy, atakhala pambali pa mkango wamwala wolavula madzi, mpaka ogulitsa ayisikilimu anayamba kulowetsa mipando.

Foni inalira. Anali mwamuna wake Sosten, kunyumba ku Lawrence.

"Mayi a Tiffany, ndamva mwamisa basi. Koma mukuenjoya?"

"Eya."

"Alamu anga a Lyson aimbanso. Akufunsa za chiliza cha amayi. Tibukitse tikiti kapena ayi?"

"Tikambirana."

Anali atayankha choncho kambirimbiri. Mayi ake anamwalira ku Balaka chaka chathacho, mapepala ake a ku America asanatuluke, ndipo kupita kukanakhala kusabwerera. Maliro anawaonera pafoni, m'kachipinda kosungira matawulo kunyumba yosamalira okalamba komwe ankagwira ntchito ku Beech Grove, kenako anakatembenuza odwala ake. Amalawi a ku South Bend anabwera kudzapepesa, anaimba mpaka mawu kusasa, iye ankangowathirira tiyi. Msozi olo umodzi. Azakhali ake anati America yamudya mtima, ndipo iye sanatsutse. Tsopano mapepala anali atatuluka, koma munthu wamkulu ndithu anasankha kukaona matchalitchi a eni ake m'malo mwa manda a mayi ake. Ankaopa kukaima pamanda paja maso ali gwa, mudzi wonse ukumuyang'ana.

Anayamba kutsika wapansi. Masana, wowatsogolera anali atawaonetsa zonse: tchalitchi cha zaka mazanamazana, nsanja ya wotchi, ndi mpanda wozungulira tauni, pomwe munthu amaona minda ya mpesa mpaka maso kutopa. Anzake ankatamanda Mulungu, iye ankangoona miyala. Usiku inali miyala yomweyo, kungoti yopanda anthu. Anadutsa m'tinjira topapatiza, pansi pa zovala zoyanikidwa pamazenera, n'kutulukira pachipata chakale cha mpanda. Magetsi anathera pomwepo.

Atakhota, anaima.

Nthambi zaziwisi zinali zitagonekedwa mopingasa msewu. Zinali za mtengo wa azitona, zongothyola kumene. Mzungu akanangozilumpha. Koma mwana wa ku Balaka amadziwa kuti masamba panjira ndi maliro. Wanjinga amatsika, wachipewa amavula.

"Mwafika, mayi."

Chichewa... kuno?

Kuseri kwa masambawo kunaima mzungu wokalamba, wamtali, wovala mkanjo woyera, chipewa chili m'manja. Ankayankhula Chichewa cha kumudzi, chokoka mawu ngati cha ansembe akale.

"Ndine Bambo Ettore. Ndinakhala kwanu kuja zaka zambiri. Tiyeni, mukudikiridwa."

"Maliro a ndani, Bambo?"

"Masamba tinadula kale. Wolira ndiye anachedwa."

Magdalene sanafunsenso. Wansembe akati tiyeni, sutsutsa. Anawatsatira motsetsereka, pakati pa mitengo yaitali yosongoka ngati mikungudza. Nsapato zake zinkalira pamiyala. Anatchera khutu. Zinali zake zokha. Mkuluyo ankayenda, koma pansi panali zii.

Chipata chachitsulo chinali chotsegula. Manda. Osati okumba ngati akwathu, koma makoma aatali okhala ndi timadirowa, kalikonse ndi chithunzi chake ndi kanyali kake. Tinyali mazanamazana. Nkhope mazanamazana. Zonse zikumuyang'ana.

"Musaope," anatero mkuluyo osacheuka. "Mayi anu anandiuza kuti manda mumawaopa chiyambire muli mwana."

Magdalene anaima.

"Anakuuzani... liti?"

"Dzana."

Magdalene anafuna kuthawa. Koma sanasunthe. Mtima umene ankati unafa unali kugunda mpaka m'makutu. Mkuluyo anaika chipewa pansi, nakhala pamiyala pomwepo, miyendo atatambasula, nawomba m'manja pang'onopang'ono monga amachitira opepesa.

"Pepani, mwana wa Nachisale. Pepani ndi zovutazi."

Nachisale! Ku America konse kunalibe amene anatchulapo mfunda wa mayi ake. Kuntchito anamupatsa khadi ndi maluwa. Anzake ankangoti "amayi anu aja."

Magdalene anavula nsapato. Anachotsa mpango wapakhosi n'kuumanga m'chiuno ngati chitenje. Anakhala pansi, natsamira khoma. Poyamba panatuluka mpweya wokha. Kenako kamawu, ngati ka chitseko chosatsegulidwa kalekale.

"Amayi ine... mwandisiyira yani, amayi!"

Analira ngati ali pasiwa, mokuwa, mopanda manyazi, mamina ndi misozi zikusakanikirana. Analirira tikiti imene sanagule, kachipinda ka matawulo kaja, ndi tiyi amene ankathirira anthu olira mayi ake. Agalu a m'chigwa anamuyankha. Zinamupweteka kwambiri, ndipo anasangalala kuti zikumupweteka.

Atadzutsa mutu, kunja kunali kukuyera, ndipo anali yekha. Anaimbira Sosten nthawi yomweyo.

"Bukitsani tikiti. Uzani a Lyson ndikubwera."

"Mawu anuwo bwanji? Mwadwala chimfine?"

"Ndalira."

Sosten anangoti, "Zikomo, Ambuye."

Anafuna kuwathokoza ansembe aja asanapite. Pachipata panalowa mayi wachitaliyana atanyamula maluwa ndi chitini chothirira, ndipo Magdalene anamufunsa pongotchula dzina la ansembewo, poti chinenero analibe. Mayiyo anamwetulira, namugwira dzanja, namutsogolera osati ku tchalitchi, koma kukhoma lomwe anatsamira usiku wonse. Analoza pamwamba penipeni pa pomwe panali mutu wake.

Chithunzi chinali cha mkulu yemwe uja: mkanjo woyera, chipewa m'manja. Pansi pa dzina panali zaka, 1921 mpaka 2002. Ndipo pansi pa mawu achitaliyana panali mzere umodzi umene m'tauni monsemo ndi Magdalene yekha akanauwerenga: "Simunatisiye kulira tokha. Akhristu anu a ku Balaka."