Asilikali Akusowa m'Botolo la Adokotala

Lolemba m'mawa Adokotala, katswiri wa tizilombo, anawerenga asilikali a m'kabotolo kawo katatu konse, ndipo katatu konseko anapeza 36. Lachisanu lapitalo analipo 40. Asilikali ake si amfuti ayi, ndi chiswe cha mitu ikuluikulu chija, chakufa kalekale, chomizidwa mu sipiriti. Nanga chinthu chakufa, chotsekeredwa m'botolo, m'chipinda chokiya, chingalowere kuti?

Chipindacho chinali kumapeto kwa khonde lalitali m'nyumba yosungira tizilombo. Munali makabati achitsulo mbali zonse ndi timabotolo tosawerengeka, kalikonse ndi kapepala kake m'kati, kolembedwa ndi pensulo poti inki imasungunuka. Pa timapepala tambiri panali dzina la Chilatini lalitali ngati sitima ya katundu, kumapeto kwake chizindikiro cha funso. Adokotala ankati maina a chiswe ndi mlandu wosatha: katswiri wina amalemba chakuti, mnzake n'kudzatsutsa, mpaka mtundu umodzi kukhala ndi maina atatu.

Koma kabotolo aka kanali mtima wawo. Chiswecho anachitola okha zaka khumi ndi chimodzi zapitazo m'nkhalango ina yakutali, imene lero inadulidwa yonse n'kumangapo nyumba. M'chisa chimodzi anapezamo asilikali a mano owongoka ndi ena a mano opindika, chinthu chosalembedwa m'buku lililonse. Atasinkhasinkha zaka zonsezo anatsimikiza kuti ndi mtundu watsopano, ndipo anauza onse apantchito kuti autcha dzina la malemu akazi awo. Kalata yolengeza za mtundu watsopanowo inali yoti itumizidwe mwezi womwewo, iwo asanapume pantchito.

Wosesa m'chipindamo anali bambo wina wadazi, wamatewe, amene aliyense ankangowatcha a Tsache. Anali munthu wa nthabwala zoopsa, woti anaikapo chule m'jombo ya mlonda. Koma sabata imeneyo a Tsache sankaseka.

Lachiwiri asilikali anatsala 31. Mlonda anabwera maso ali psuu.

"Bwana, ine ndili ndi ana," ananong'ona. "Usiku ndinamva mapazi pakhondepo, mapazi opanda nsapato, nyang'anyang'a. Kenaka kabati kulira, kwiii. Pansi pa chitseko pankatuluka kakuwala kofiira, ndi fungo lija lakuchipatala."

"Bwanji simunatsegule?"

"Ndinalembedwa ntchito yolondera akuba, bwana. Zinazo si za dipatimenti yanga."

Nkhani inayenda m'maofesi monse. Ena ankati chiswecho chikubwerera kwawo kukafuna nkhalango yake. Ena, motsitsa mawu, ankati ndi mayi aja, sakufuna dzina lawo likhale pa kachilombo kodya mitengo yadenga, ndiye akubwera kudzachotsa mmodzimmodzi. Mawu amenewa anawafika Adokotala ndipo anasiya kudya. Anatuma a Tsache kukagula loko watsopano. Lachitatu m'mawa loko anali chikhomere, asilikali 24.

Usiku wa Lachinayi Adokotala sanapite kunyumba. Anazimitsa magetsi n'kukhala pansi kuseri kwa kabati, msana pachitsulo chozizira. Mdima wa m'chipindamo unali wolemera, wonunkha sipiriti ndi mapepala akale. Mpope wa pasinki unkadontha, tho, kenaka zii, kenaka tho. Galimoto ikadutsa kutali timabotolo tonse tinkagundana pang'onopang'ono ngati mano a munthu wamalungo. Iwo ankangoganiza chimodzi: akakhala mkazi wanga, ndimuuza chiyani?

Kenaka mapazi aja. Anaima pachitseko nthawi yaitali, munthu akupuma ndi kukamwa. Kiyi anatembenuka. Kanalowa kakuwala kofiira, tochi yophimbidwa ndi chikhatho. Mthunzi unapita molunjika pa kabotolo kaja, unakhuthulira chiswe m'kambale, n'kuyamba kusankha ndi kachitsulo kotolera, ukung'ung'udza.

"Iwe ndiwe wanga. Iwe ayi. Iwe, kaya."

Adokotala anayatsa getsi. Dazi linawala.

"A Tsache?"

A Tsache anakhala pansi pomwepo, nsapato zili m'khosi, zomangirira ndi zingwe zake.

"Loko amabwera ndi makiyi atatu, bwana. Ndinakupatsani awiri."

"Sindikufunsa za loko."

A Tsache anafotokoza maso ali pansi. Tsiku limene kabotoloko kanafika, iwo ananena kuti chiswe ndi chiswe basi, za maina n'zongodyera. Adokotala anawaseka pamaso pa anthu, amvekere diso lophunzira silinamizidwa. Ndiye madzulo ake a Tsache anapita pa kachulu ka kuseri kwa galaja, anatola asilikali odzaza kachivindikiro n'kuwathira m'botolomo, asanawerengedwe.

"Ndinkati mawa muzindikira, tiseke, ndivomere kuti mwandiposa. Koma m'mawa mwake ndinakupezani mukuvina, bwana. Munandigwira dzanja. Ndinati ndinena mawa. Mawa lake mayi, akazi anu, anadwala, ndiye ndikananena bwanji? Pano nditamva kuti kalata ikupita ndi dzina lawo, ndinati ndichotse anga mwakachetechete, lisakanyozeke kunjako."

Adokotala anayandikira kambale kaja. Anatenga asilikali amene anapatulidwa pambali n'kuwaika pansi pa galasi lokuza zinthu. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Mumasankha potengera chiyani?"

"Akuda mitu, bwana. Ndimakumbukira kuti anga anali oderapo."

"Sipiriti amasintha mtundu, a Tsache. Timayang'ana mano." Anakhuthula ena onse n'kuwayala mmodzimmodzi. "Opindikawa ndi a kugalaja, ali ndi dzina kuyambira agogo anu asanabadwe. Owongoka ndiwo anga. Enawo mumawaika kuti?"

"M'chimbudzi. Ndimagejemula."

M'kambalemo a mano owongoka anatsala atatu, wina wopanda mutu wabwino. Ngakhale antchito, chiswe ching'onoching'ono chimene chinalinso m'botolomo, panalibenso wowakhulupirira, poti a Tsache sankakumbuka ngati ena sanalowe nawo. Mwina cha kunkhalango chija chinalidi chatsopano, mwina ayi. Nkhalango yokatolako china kunalibe.

"Mundichotse ntchito, bwana. Kapena mundimenye, tsache lili apo."

Adokotala anabwezera chiswe chonse m'botolo, cha kunkhalango ndi cha kugalaja pamodzi, natseka bwinobwino monga mwa masiku onse. Kalata ija anaipinda kanayi n'kuiika m'thumba la jekete. Sanakweze mawu, ndipo a Tsache akanakonda akanakweza.

"Ali m'chipatala, mkazi wanga anandifunsa ngati zatheka. Ndinamuuza kuti zatheka, dzina lake lalowa m'mabuku, silidzafufutika. Anaseka, akuti ndiye kuti adzakhala mfumukazi ya chiswe." Anazimitsa galasi lija. "Loweruka lililonse ndimapita kumanda kukazula udzu. Sabata ino tipitira limodzi."

"Ndikatani ine kumeneko, bwana?"

"Ine ndinamuuza kale mbali yanga. Yotsalayo mukanena ndinu. Valani nsapato."