Kawaya Komwe Edwell Anazula

Edwell anakulira m'banja lopemphera ku Kalingalinga. Bambo ake, a Chabwera, anali makanika wokhulupirika, ndipo pomuphunzitsa ntchito sankatopa kumuuza kuti, "Kalaiti ka mabuleki kakayaka, ninshi motoka ikamba na iwe. Uzimvela."

Koma ulesi unamulowa mnyamatayo. Atangogulidwira kakompyuta koyezera magalimoto, anayamba kudziona ngati injiniya wosayenera kugona pafumbi.

Loweruka lina bambo ali kumaliro, kunabwera Kangwa, woyendetsa takisi, kanyali kofiira ka mabuleki kakuyaka m'galimoto yake. Edwell anaona kuti mafuta a mabuleki atsika, ndipo anadziwa bwino kuti paipi ina ikudontha. Koma mpira unali pafupi kuyamba, mnzake Shawn akumudikira pageti.

"Iwe, uzangena pansi na vovala vabwino?" anatero Shawn. "Chosa chabe kawaya ka sensa, laiti izazima. Tiye!"

Edwell anazula kawayako, kanyali n'kuzima. "Yasila, ba Kangwa. Inali chabe kompyuta."

Lamlungu masana anamva phokoso kumsewu, nathamangira komweko. Takisi ija inali italowa mutu mumulu wa mchenga wogulitsa, pafupi ndi ngalande yakuya.

"Ninaponda buleki, yangoyenda pansi!" ankakuwa Kangwa. "Na laiti siinayake!"

Chitseko chakumbuyo chinatseguka. Munatuluka mayi ake enieni a Edwell, a Maud, omwe anakwera takisiyo pochokera kutchalitchi. Anali ndi chotupa pamphumi basi, ndipo ankayimba nyimbo yothokoza, misozi ili mbwembwembwe.

A Chabwera atafika anatsegula boneti, naona kawaya kali lende. Sanakalipe. Anangomuyang'ana mwana wawo, ndipo iye anagwada pamchengapo.

"Ndine ninazula, ba tata. Ninachita ulesi. Munikhululukile."

Mayi ake anamudzutsa, namukumbatira. "Mwana wanga, yamika Mulungu. Lelo anaika muchenga apa. Sazauika masiku onse."

Lero Edwell ndiye amayamba kulowa pansi pa galimoto, ndipo akamadutsa pa mulu uja amavula chipewa. Ine ndimathokoza naye, chifukwa ambiri sapeza mwayi wachiwiri ngati umenewu.

Achinyamata, ulesi ndi bodza ndi machimo opha. Kuzimitsa chenjezo sikuchotsa ngozi, ndipo wokwera galimoto imene mwaikonza mwachinyengo akhoza kukhala mayi wanu.